Kachitsulo ka M'mbali mwa Msewu

Bambo anga, omwe pano ndi malemu, sankadutsa kachitsulo pamsewu osawerama. Kaya ndi bawuti, nati, msomali wopindika kapena kachidutswa ka waya, ankatola, n'kukapukuta pa buluku, n'kukaponya m'thumba. Akafika kunyumba ankakaika m'chitini chakale cha mkaka chomwe chinkakhala pamwamba pa kabati. Amayi akadandaula kuti zitsulozo zikubowola matumba, yankho linali lomwelomwelo chaka ndi chaka: tsiku lina kadzagwira ntchito. Ndipo kankagwiradi. Njinga yathu inakalamba ikuyendera mabawuti otola, chitseko cha kukhitchini chimodzimodzi. Khalidweli ndinatengera ndipo sindichita nalo manyazi. Munthu wokulira kosowa sataya chitsulo.

Masiku apitawa, ndikuchokera kumsika, ndinaona kanthu kakunyezimira m'mphepete mwa tala. Kanali kachitsulo kosalala, kobulungira ngati kachidutswa ka choko, kukula kwake ngati njere ya chimanga. Dzanja linafika nzeru isanafike. Ndinakaika m'thumba la malaya, la pachifuwa, n'kuiwalako. Usiku pokhuthula m'thumba kanagwera patebulo n'kugubuduka mpaka kukagunda nyali. Apo m'pamene ndinakumbukira nkhani ya ku Australia, ndipo ndinakhala pampando nthawi yaitali ndikungokayang'ana, osakakhudzanso. M'mawa mwake mnyamata wokonza njinga zamoto anangokaona kamodzi n'kuseka, amvekere, "Bambo, aka n'ka m'gudumu basi." Koma usiku umenewo unali utapita kale, ndipo zomwe ndinaganiza sizinachoke ndi kuseka kwake.

Nkhaniyo inachitika mu Januwale 2023, m'chigawo cha Western Australia. Kumpoto kwa chigawochi, m'dera louma la Pilbara, kuli mgodi wa Gudai-Darri komwe kampani ya Rio Tinto imakumba miyala ya chitsulo. Pamalo ophwanyira miyalayo panali chipangizo choyezera kuti zinthu zomwe zikudutsa n'zothithikana bwanji. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumvetsa. Taganizani munthu waima kuseri kwa nsalu atanyamula nyali, inu muli mbali inayo. Nsalu ikakhala yopyapyala kuwala kumadutsa kwambiri, ikakhala yochindikala kumadutsa pang'ono, ndipo mukhoza kudziwa makulidwe a nsaluyo osaigwira n'komwe. Chipangizo chija chimachita zomwezo, kungoti nyali yake ndi kakapisozi kachitsulo kotsekeredwa mbali zonse, komwe m'kati mwake muli caesium-137. Cheza chomwe kamatulutsa, chimene ena amangoti radiyeshoni, chimabowoleza chitsulo ndi mwala, ndipo diso la munthu silichiona. Mbali inayo kumakhala kowerengera kuchuluka kwa cheza chomwe chadutsa. Pa ntchito yake n'chipangizo chabwino, chodalirika, chosatopa. Kakapisozi kameneka kanali kotalika mamilimita 8, m'mimba mwake mamilimita 6. Njere ya chimanga ndithu.

Chipangizocho chinafunika kupita kokakonzedwa ku Perth. Akatswiri anachilongedza m'bokosi, ndipo chisananyamuke anayeza ndi makina n'kutsimikiza kuti kakapisozi kali m'katimo. Pa 12 Januwale thiraki inanyamuka, pa 16 Januwale inafika. Ulendowo ndi wa makilomita pafupifupi 1,400, kutalika koposa Malawi yense kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Bokosi analitsitsa n'kuliika m'nyumba yosungiramo katundu wotere, n'kutseka chitseko. Linakhala momwemo mpaka pa 25 Januwale, pomwe munthu analitsegula. Anapeza chipangizo chitasweka, bawuti imodzi mwa zinayi zomangira palibe, timabawuti ting'onoting'ono tatayika, kakapisozi nako palibe. Akuluakulu anafotokoza kuti kugwedezeka kwa thiraki panjira n'kumene kunamasula zomangirazo. Kakapisozi kanatuluka pa bowo lomwe bawuti inasiya, kanapeza mpata pathiraki, kanagwera pansi.

Pa 27 Januwale boma linachenjeza anthu. Mkulu woona za umoyo m'chigawocho, Andrew Robertson, anati munthu woima mita imodzi kuchokera pa kakapisoziko akulandira cheza chofanana ndi kujambulidwa pa X-ray maulendo 10 pa ola lililonse, ndipo wokagwira akhoza kupsa khungu n'kudwala kwambiri. Wokaona atalikire mamita osachepera 5. Panalinso mantha akuti mwina kakanirira m'mizere ya tayala la galimoto ina n'kupita kutali komwe palibe amene akufunako. Magalimoto okhala ndi makina omva cheza anayamba kuyenda pang'onopang'ono mumsewu wa Great Northern Highway. Pa 1 Febuluwale makina a m'galimoto ina, yomwe inkayenda pa liwiro la makilomita 70 pa ola, analira. Kakapisozi kanali kali phee m'timiyala, mamita awiri kuchokera pamsewu, kumwera kwa tauni ya Newman. Anakazindikira ndi nambala yake, anakaika m'chotengera cha mtovu, nkhani n'kuthera pomwepo. Palibe amene anapezeka kuti wavulala.

Anthu ambiri amakumbukira nkhaniyi chifukwa cha kupezeka kwake, ndipo n'zomveka, chifukwa kupeza njere imodzi pamtunda wotere si zamasewera. Ine chimene chimandikhalitsa pansi ndi masiku 13 aja, kuyambira pa 12 mpaka pa 25 Januwale. Malo omwe kanapezeka ali kufupi ndi kumgodi kusiyana ndi ku Perth, kutanthauza kuti kanagwa ulendo utangoyamba kumene. Dalaivala anayenda njira yonse yotsalayo mosamala, atanyamula bokosi lomwe choopsa chake chinali chitatsala kale m'mbuyo. Wolandira katundu anasaina. Wosunga makiyi anatseka. Pamapepala onse kakapisozi kanali m'nyumba yotetezedwa ku Perth, ndipo aliyense wokhudzidwa ankagona tulo tabwino. Masiku onsewo kanali padzuwa m'mbali mwa msewu, mathiraki akudutsa usana ndi usiku. Palibe amene ananama. Aliyense ankanena zoona monga momwe ankazidziwira, koma zoonazo zinali zitasiyana kale ndi zimene zinali pansi.

Mtendere wa mtundu umenewu ndimaudziwa. Chaka china ndinatumiza thumba la ufa ndi kathumba ka mtedza kwa mlongo wanga mumzinda. Ndinapatsira kondakitala wa basi, ndinalipira, ndinaona ndi maso anga thumba likukwezedwa. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo, ndipo kwa masiku anayi ndinkadziona ngati mlongo wabwino. Ndinkaganizira ana ake akudya nsima ya ufa wakumudzi. Tsiku lachisanu anaimba foni, osati kudzathokoza, koma kudzafunsa mwaulemu ngati ndasintha maganizo. Thumbalo linali litatsitsidwa pa siteji ina tsiku loyamba lomwelo. Ufa ndi ufa, tinagayitsa wina. Koma mpaka lero ndimadabwa ndi masiku anayi aja. Chimwemwe changa chinali chenicheni, chikhalirecho chomwe ndinkasangalalira kunalibe. Chinthu chimatayika tsiku lina, ife timachitaya tsiku linanso, ndipo pakati pa masiku awiriwa timakhala tikuyenda ndi kuseka ngati anthu amene alibe vuto.

N'chifukwa chake ulendo umandidetsa nkhawa kuposa malo. Chipangizo chikakhala pamgodi chimakhala ndi mwini wake wochiona tsiku ndi tsiku, ndipo chikasiya kuwerenga bwino wina amadziwa ola lomwelo, poti ntchito imasokonekera. Chikakhala m'nyumba yosungiramo pali loko ndi kaundula. Koma panjira chimakhala cha aliyense pang'onopang'ono. Wolongedza wamaliza mbali yake, wonyamula sanaone m'kati ndipo saloledwa kutsegula, wolandira amawerenga mabokosi osati zam'bokosi. Dzanja lina lasiya, lina silinagwire. Bungwe la International Atomic Energy Agency, lomwe likulu lake lili ku Vienna, limasunga kaundula wa zinthu zotere zomwe zatayika, zabedwa kapena zapezeka pomwe siziyenera kukhala. Kuyambira 1993 mwalembedwa nkhani zoposa 4,000, ndipo pafupifupi theka la zakuba zomwe zinanenedwa zinachitika katunduyo ali paulendo wovomerezeka. Mu Disembala 2013 ku Mexico, dalaivala wonyamula cobalt-60 wochokera m'makina akale ochizira khansa ku Tijuana anaima pamalo omwetsera mafuta kuti apume. Achifwamba anabwera n'kulanda thiraki. Zikuoneka kuti iwo ankafuna galimoto, za katunduyo sankazidziwa. Patapita masiku awiri chitsulocho chinapezeka m'munda, chitatulutsidwa m'chotengera chake. Mu Ogasiti 2018 ku Malaysia, amisiri awiri ananyamula chipangizo cha makilogalamu 23 chokhala ndi iridium-192 kumbuyo kwa galimoto kuchokera ku Seremban kupita ku Shah Alam. Pofika, chipangizo kunalibe.

Ndimaganiziranso bawuti ija. Palibe amene anaimasula. Inamasuka yokha, pang'onopang'ono, bampu ndi bampu, monga zimachitira pa njinga ukamayenda msewu wafumbi wokumbika ndi mvula. Aliyense wopalasa njinga amadziwa kuti nati siigwa tsiku lomwe yayamba kumasuka. Imayamba ndi kaphokoso kakang'ono komwe umati ndikaona ndikafika, kenaka kaphokosoko umakazolowera, kenaka tsiku lina chishalo chagwa. Bambo ankayendera njinga yonse ndi sipanala Loweruka lililonse, ngakhale palibe chavuta, ndipo ine ndili mwana ndinkaona ngati akungotaya nthawi. Kampani ya Rio Tinto ndi imodzi mwa makampani akuluakulu a migodi padziko lonse, ndipo mgodi wa Gudai-Darri unali watsopano, wodzaza ndi makina amakono mpaka magalimoto oyenda opanda dalaivala. Komabe mkulu wake woona za miyala ya chitsulo panthawiyo, Simon Trott, anachita kupepesa pamaso pa dziko chifukwa cha bawuti. Sindikunena izi monyoza. Zimangondikumbutsa kuti nzeru zonse za anthu ophunzira zimakathera pa dzanja la munthu wogwira sipanala, ndipo munthu ameneyo nthawi zambiri dzina lake silidziwika mpaka tsiku lomwe zinthu zalakwika.

Lamulo la m'chigawo cha Western Australia, lomwe linalembedwa mu 1975, linkati chindapusa chachikulu kwa wolephera kusamala zinthu zoterezi ndi madola 1,000 a ku Australia. Anthu atamva anaseka mokwiya, ndipo ngakhale nduna yaikulu ya dzikolo, Anthony Albanese, inavomereza kuti ndalamayo ndi yochepa mochititsa manyazi. Pamapeto pake palibe amene anaimbidwa mlandu. Ine pa mfundo ya chindapusayi mtima sunditentha kwenikweni. Ngakhale chikanakhala cha mamiliyoni, sichikanachotsa kakapisozi m'thumba la mwana amene wakatola.

Chifukwa wotola ndiye amene ndimamuganizira kwambiri, poti wotolayo ndi ine. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo sindidziwa chinthu china chomwe mwambiwu umachikwana ngati ichi. Moto umaotcha usanaugwire, njoka umaiona, chakudya chowola mphuno imakuuza. Thupi la munthu lili ndi alonda pafupifupi pa choopsa chilichonse chomwe makolo athu ankakumana nacho. Pa cheza ichi mlonda palibe. Sichinunkha, sichilira, sichiwawa pomwepo. Makina a X-ray a kuchipatala ukawazimitsa cheza chimatha, koma kakapisozi kalibe pozimitsira. Kamangotulutsa, kali m'chipangizo kapena kali m'fumbi, pali munthu kapena palibe. Caesium-137 amatenga zaka pafupifupi 30 kuti mphamvu yake itsike ndi theka, ndi zaka zina 30 kuti theka lotsalalo litsikenso ndi theka. Chotetezera chachikulu chomwe munthu wamba ali nacho ndi mtunda. Ukatalikira kawiri, cheza chokufika chimachepa kanayi. Ukatalikira kakhumi, chimachepa ka 100. Ndiye taganizirani chimodzimodzi mobwerera m'mbuyo, kuchoka pa mita imodzi kufika m'thumba la pachifuwa, pomwe pakati pa chitsulo ndi khungu pali nsalu yokha. Mu 1999 ku Yanango, m'dziko la Peru, mmisiri wowotcherera zitsulo anatola kachitsulo ka iridium-192 komwe kanagwa m'chipangizo chojambulira mapaipi. Anakaika m'thumba lakumbuyo la buluku n'kupitiriza ntchito kwa maola angapo, kenaka n'kupita nako kunyumba. Mwendo wake unadulidwa. Munthu ameneyu sanabe kanthu ndipo sanachite chopusa. Anachita zomwe bambo anga ankachita, zomwe ine ndinachita masiku apitawa.

Ku Australia kunali mwayi woti kumene kanagwerako ndi kuchipululu, kopanda oyenda pansi, ndiponso boma linali ndi makina, ndalama ndi mtima wosafuna kusiya. Nkhani ya ku Kramatorsk, m'dziko la Ukraine, imandionetsa mmene zikanathera mwina. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kakapisozi ka caesium-137 kochokera m'chipangizo choyezera kanatayika pamalo ophwanyira miyala ya kwale. Anakafunafuna, sanakapeze, anasiya. Miyala ija inapita kokamangira, ndipo kakapisozi kanakathera m'khoma la konkire la nyumba yosanja yogonamo anthu. Banja linalowa m'nyumbamo. Mtsikana wa m'banjamo anamwalira ndi khansa ya m'magazi, kenaka mlongo wake, kenaka mayi awo. Madokotala anaganiza kuti ndi matenda a kumtundu. Banja lina linalowa, mwana wawo wamwamuna nayenso anadwala nthenda yomweyo n'kumwalira. Bambo wa mwanayo ndiye anakana kuvomereza, anaumirira kuti nyumbayo iyezedwe, ndipo mu 1989 anapeza kakapisozi m'khoma, pafupi ndi pomwe pankakhala bedi la ana. Ndikaganiza zoti zimenezi zikanachitika m'mudzi mwathu, ndimadziwa komwe maso a anthu akanaloza. Maliro atatu nyumba imodzi, nthenda imodzi, tikanafuna nkhalamba yoti tiinene. Wina akanasamutsidwa pamudzi, mwina kuposa pamenepo, khoma lili chiimire. Ndipo amene anaganiza zosiya kufunafuna kuja, zaka khumi m'mbuyomo, ayenera kuti anapita kunyumba tsiku limenelo n'kudya chakudya chamadzulo monga mwa masiku onse. Kanthu kakang'ono chotere, m'phiri la miyala, ndani akanawadzudzula?

Nkhani ya ku Goiânia, ku Brazil, ndi yodziwika kwambiri, ndipo ngakhale kumeneko chinali chipangizo cha kuchipatala osati choyezera, sindingathe kuidumpha. Mu Sepitembala 1987 anthu awiri otola zitsulo zakutha analowa m'chipatala chosiyidwa n'kutenga mbali ya makina ochizira khansa. Anaiphwanya n'kukagulitsa kwa wogula zitsulo. Usiku wogula zitsuloyo anaona ufa wa m'katimo ukuwala mobiriwira ngati thambo, ndipo anaona kuti n'chinthu chokongola, mwina chamtengo wapatali. Anachilowetsa m'nyumba, anaitana abale ndi anansi kuti adzaone, anawagawirako. Mwana wa mchimwene wake, mtsikana wa zaka 6, anaseweretsa ufawo kenaka n'kudya ndi manja omwewo. Anthu anayi anamwalira, kuphatikizapo mwanayo. Anthu pafupifupi 112,000 anayezedwa, ndipo 249 anapezeka kuti ufawo unawakhudza. Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi n'chakuti poizoniyo anayenda m'njira za chikondi. Munthu wapeza chabwino, sakufuna kuchiona yekha. Kwathu kuno timaphunzitsa ana zomwezo, ndipo timaphunzitsa bwino. Koma ndimakumbukiranso mkazi wa wogula zitsulo uja. Iye ndiye anaona kuti anthu a pakhomo anayamba kusanza ndi kudwala chitsulocho chitangofika. Sanali katswiri wa sayansi. Anangowerenga masiku, anaika zotsalazo m'thumba, anakwera basi n'kukazitula kwa akuluakulu a zaumoyo. Kuyambira pamenepo m'pamene mzinda unadziwa chomwe chikuchitika. Mayiyo anali mmodzi mwa anayi omwe anamwalira.

Pali chizindikiro chomwe chimaikidwa pa zinthu zimenezi: kadontho pakati, ndi timapiko titatu tozungulira, kawirikawiri zakuda pa chikasu. Chinapangidwa mu 1946 ku Berkeley, ku America, ndi anthu omwe ankachipangira anzawo odziwa kale tanthauzo lake. Kwa munthu amene sanauzidwepo, chimangooneka ngati fani kapena duwa. Sichiopseza. Zitaoneka kuti anthu akufa atachiona ndithu chizindikirocho koma osachimva, mu 2007 anawonjezera china: chofiira, cha makona atatu, chokhala ndi timapiko tija, chigaza ndi mafupa, ndi munthu akuthawa. Chimenechi amachiika m'kati, pafupi ndi kakapisozi, kuti wophwanya chipangizo achione asanafike pachimake. Ndi nzeru yabwino, ngakhale inachedwa ndi zaka 61. Koma kakapisozi kakatuluka kokha, monga kanachitira ku Australia, kamatuluka kopanda chenjezo lomwe woyenda pansi angaliwerenge. Bokosi lokhala ndi zizindikiro zonse linafika bwinobwino ku Perth.

Wina anganene kuti izi n'zakutali, za mayiko a migodi ikuluikulu. Ndikanakonda zikanakhala choncho. Omanga misewu padziko lonse amagwiritsa ntchito kabokosi koyezera ngati dothi latsindirika mokwanira asanathire tala, ndipo mitundu yambiri ya kabokosi kameneka imakhala ndi caesium-137 m'kati. Kamayenda kumbuyo kwa galimoto kuchoka pamalo ena a ntchito kupita ena. Mafakitale ena amayezera njira yomweyi ngati thanki yadzaza. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga utatsegulidwa mu 2009, yureniyamu wake ankayenda pamathiraki kudutsa m'dziko la Zambia mpaka kudoko la Walvis Bay ku Namibia. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, choncho katundu wathu wambiri amabwera pamatayala, kudzera ku Mwanza, ku Dedza, ku Mchinji ndi ku Songwe. Malawi ali ndi lamulo la 2011 loona za zinthu zimenezi, ndi bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority lomwe ntchito yake ndi kupereka zilolezo ndi kuyang'anira. Zimenezi zimandikhazika mtima pansi pang'ono. Chimene sichindikhazika n'chakuti misewu yathu si chipululu. M'mbali mwa M1 muli ana opita kusukulu, amayi ogulitsa tomato, mbuzi, anyamata okankha wilibala yodzaza zitsulo zakutha popita nazo kusikelo. Thiraki ikagubuduka, tonse tikudziwa kuti anthu amafika apolisi asanafike, ndipo sabwerera chimanjamanja. Kanthu konyezimira sikangathe milungu itatu pamenepo kali phee. Sikangathe ngakhale m'mawa umodzi.

Ndinayesa kudzifunsa ngati ndiyenera kusiya kutola. Kunena zoona sindikuganiza kuti ndisiya, ndipo sindikuganiza kuti bambo ankalakwa. Pa zitsulo zikwizikwi zomwe zimagwa m'misewu, pafupifupi zonse ndi zitsulo chabe, ndipo munthu sangakhale moyo woopa nati iliyonse. Mantha otere ndi matenda enanso. Komanso sindikufuna kuti zipangizozi zichoke, poti msewu wotsindiridwa bwino ndimaufuna, ndipo m'bale wanga akadwala khansa ndidzafuna cheza chomwechi chimuchize. Chimene chasintha mwa ine n'chaching'ono. Ndazindikira kuti chitetezo changa pa nkhani imeneyi chili m'manja mwa anthu omwe sindidzawaona: womanga bawuti, woyeza bokosi lisananyamuke, ndi wina amene angaganize zoliyezanso tsiku lomwe lafika m'malo modikira masiku 9. Makina omwe anatsimikiza kuti kakapisozi kalimo pa chiyambi cha ulendo akanathanso kunena kuti mulibe pa mapeto pake. Moyo wa m'dziko lamakono uli choncho paliponse. Timakwera basi osaona mabuleki, timamwa mankhwala osadziwa amene anawasakaniza. Kukhulupirirana kotere n'kokongola, ndipo n'koopsa, ndipo sindikuona njira ina yokhalira.

Chinthu chimodzi chimanditonthoza modabwitsa. Kakapisozi ka ku Australia kaja kanapezeka chifukwa cha choopsa chake chomwecho. Kakanakhala kachitsulo wamba, ngakhale asilikali onse a dzikolo akanakwawa ndi maondo sakanakapeza. Koma milungu yonseyo kankadziulula kosalekeza, kungoti munthu alibe khutu lomvera mawu amenewo, mpaka panadutsa galimoto yokhala ndi makina omva. Ofunafuna a ku Ukraine aja akanapitiriza, kapena wina akanangoyenda ndi makina otere m'nyumba ija maliro oyamba atachitika, khomalo likanayankha tsiku lomwelo. Chinkasowa ndi munthu wofunsa.

Chitini cha bambo chidakalipo, chili kwa ine tsopano, ndipo kachitsulo ka m'gudumu kaja ndinakaponya momwemo. Loweruka lapitali mdzukulu wanga, yemwe ali sitandade 3 ndipo matumba ake amakhala olemera ndi zotola kuposa anga, anabwera kudzacheza. Ndinatenga kamtengo n'kujambula pansi kadontho ndi timapiko titatu. Ndinamufunsa kuti n'chiyani. Anayang'anitsitsa n'kunena kuti, "Agogo, imeneyo ndi fani." Ndinamuuza kuti akadzachiona pa bokosi, pa chitsulo cholemera modabwitsa kapena pa katundu wogwa m'galimoto, asadzagwire, asadzaphwanye, asadzabwere nacho kunyumba kudzandionetsa. Adzachoke pamalopo, adzaletse anzake, adzauze munthu wamkulu kuti akanene kupolisi. Anandifunsa kuti nanga chikakhala chopanda chizindikiro. Ndinakhala chete kanthawi, kenaka ndinamuuza kuti chitsulo chomwe sakuchidziwa ntchito yake azichisiya pomwe chili. Anavomera ndi mutu, koma dzanja lake linali m'thumba.

Inunso amene muli ndi mwana wotolatola pakhomo, kapena m'bale wogula ndi kugulitsa zitsulo zakutha, mujambulireni chizindikirochi pansi madzulo ano, mumufunse kuti akuona chiyani.